Mapira ofiira a mayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Chapananga tilipo, kungoti bambo bondo likuwavutabe.

Mvula itayandikira ndinatsegula mphika wa mbewu ya mapira ofiira aja mayi anabwera nawo kuchokera ku Mutarara. Ndinaluma njere imodzi monga ankachitira iwo. Mukukumbukira? Ankati kaufa koyera ka m'katimo ndi kamba wa mbewu, imadya kameneko mpaka itagwira nthaka. Achimwene, njere ija inangofumbutuka m'kamwa. Anankafumbwe anali atadya zonse, kunangotsala makoko. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mayi tawaika dzulo.

Patapita masiku awiri ndinawoloka Shire kupita kwa azakhali ku Makhuwira. Nditawafotokozera anangoseka. "Pukuta misozi, mwana iwe. Amako anandigawira mapira amenewa chaka chimene unabadwa, ndipo sindinaphonyepo kubzala." Anatulutsa mphika womata, mbewu ili m'phulusa. Nditaluma, njere inali gwa, m'kati moyera bwino. Anandipungulira mbale ziwiri, ine n'kuwathokoza mwa kwathu kuti takhuta.

Ndinabzala kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo amera onse.

Chonde munditumizire chigubu chotseka bwino chosungiramo mbewu. Mubwerenso nthawi yokolola, anawo adzalawe thobwa limene tinakulira ife.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Esinta