Fani ya Lole Yofa ndi Ukalamba

Germiston,
19 Meyi 2024

Okondedwa achemwali a Loyce,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Nanga mng'ono wanga Eliya, bala la pamkono likuuma? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga chaka chino, moti m'mawa sipanala imachita kuluma m'manja.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni yanu imayenda m'manja mwa aliyense, ndipo uthenga wamawu mumautsegula mokweza pakhonde, mudzi wonse n'kumva. Izi ndi za maso anu okha. Steve wa ku Manjawira, amene amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno ku Joni, akupatsani kalatayi pamanja, katoni payokha.

Kugalaja ntchito ikuyenda. Abwana anachotsa anthu awiri mwezi watha, koma ine ndikadalipo. Kumene tikukhala paipi ya chimbudzi inaphulika, sabata yathunthu takhala tikulumpha zonyansa pakhomo, mwini nyumba foni osayankha. Komatu zimenezo sizinandinyanse kufika pa zimene Eliya wandiuza za fani ija.

Mukudziwa kuti fani yakale ya lole yathu itathyoka mapiko, ndine ndinati tiikemo yamagetsi. Ndinapita ndekha kusikirapu, kumene amataya magalimoto owonongeka. Ndinagona chagada m'matope a oyilo, makoswe akundidutsa m'miyendo, mpaka ndinaimasula. Nditaiyesa pabatire inazungulira mosalala, mphepo yake yochotsa chipewa kumutu. Ndinaipukuta, n'kuikulunga m'bulangete langa, n'kuitumiza.

Pamene ndinalakwa ine ndi pakamwa pangapa. Pofuna kudzitama kwa amayi kuti ndapeza chinthu cholimba, ndinawauza pafoni kuti lole imene ndinachotsamo faniyo inaphwanyika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, koma fani yokha inatuluka yopanda chilema. Amayi anandifunsa ngati dalaivala wake anapulumuka. Ndinati sindikudziwa. Anadula foni osatsanzika, ine n'kumaganiza kuti ndi netiweki.

Zotsatira zake munaziona ndi maso, koma inu munandibisira. Eliya ndiye wandiululira kuti amalume ananyamula faniyo panjinga kupita nayo kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, ati akaichotse tsoka la munthu wakufa. Kumeneko inaviikidwa m'beseni la madzi a mizu masiku awiri. Mota yamagetsi, achemwali, kuiviika ngati chinangwa cha kondowole! Ataivuula anaitemera mphini pamawaya ndi lezala, n'kupakamo mankhwala akuda.

Kenaka amalume, amene sanagwirepo ngakhale waya wa wailesi, anailumikiza okha kubatire popanda fyuzi. Akuti inangolira kamodzi, utsi tolo, fungo la pulasitiki wopsa bwalo lonse. Ndipo amalumewo anauza anthu monyadira kuti utsiwo ndiye tsoka likutuluka. Awa ndi amalume omwe aja amakhala kutsogolo kutchalitchi Lamulungu, oyambitsa nyimbo ndi mawu okweza kuposa aliyense. Zandinyansa kwabasi.

Chikanakhala chitsulo chokha ndikanangoluma mano n'kuiwala. Koma taonani chimene chinatsatira. Mbatatesi zakumbidwa, ogula a pa Nsipe sadikira munthu, ndiye Eliya anayamba kuyendetsa lole yopanda fani, atadzaza zigubu za madzi kumbuyo. Pachikweza chilichonse injini kuwira, iye kutsika, kutsegula chitsekerero cha rediyeta ndi kasanza, kuthira madzi. Tsiku lija nthunzi inamupsereza mkono. Ikanakwera pang'ono chabe bwenzi tikunena za maso. Ndipo wandiuza akuseka kuti bandeji ikangochoka abwerera pamsewu, poti matumba atsala ambiri ndipo ena ayamba kununkha.

Amayi sindikuwaimba mlandu. Atemetsa nkhwangwa pamwala kuti chitsulo cha galimoto ya ngozi sichilowa m'lole imene akuyendetsa mwana wawo, ndipo akutero chifukwa cha mantha a kholo. Ndinayesa kuwafotokozera kuti theka la magalimoto a pamsewu wa M1 likuyendera zitsulo za kusikirapu, koma anangondiyankha kuti ana a eni akewo si awo. Anati ngati ndikufuna kutumiza ina, ichokere m'galimoto imene sinaphe munthu. Yatsopano ya saizi ya lole yathu ndaifunafuna m'masitolo, kulibe, lole zamtunduwu anasiya kalekale kupanga.

Choncho ndinabwerera kusikirapu kuja n'kupempha mwini wake kuti andisonyeze lole yofa ndi ukalamba. Anandifunsa kawiri ngati wamva bwino. Kenaka anaitana antchito ake onse kuti adzamve zimene akufuna Mmalawiyu, ndipo anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine chilili, manyazi atandigwira ngati ndavulidwa pamsika. Pano ndikangolowa pageti amayamba kufunsana ngati lero kwamwalira gogo aliyense.

Masabata atatu ndakhala ndikupitako Loweruka lililonse. Potsiriza ndinaipeza: lole yakale yonyamula buledi, yopanda ndi pofinyika pomwe, magalasi onse alipo, inangofa giyabokosi. Ndinasangalala ngati mwana. Koma nditamasula fani yake, inali itagwirana ndi dzimbiri, kuizunguza ndi dzanja osatheka. Ndinaithira oyilo, ndinaigogoda, ndinaipempha ndi kuipempha komwe. Yakufa.

Pambali pake panali lole ina yamtundu womwewo. Imeneyo ndiye musafunse. Kutsogolo konse kunalowa m'kati, ndipo pansi pa chiwongolero panali patatsalira nsapato imodzi ya munthu. Ndinatuluka kukalavula kuseri. Koma fani yake, achemwali, nditaiyesa pabatire inazungulira bwino kuposa yoyamba ija. Imeneyo ndi imene ili m'katonimo.

Tsono tamverani chimene ndinachita. Ndinaitsuka, n'kukaima nayo patsogolo pa lole ya buledi ija, n'kupempha mlonda wa pamalopo kuti andijambule. Anandiuza kuti ndimwetulire, ine n'kumwetuliradi, mano onse pamtunda. Chithunzicho ndatsukitsa, chili mu envulopu ya amayi pamodzi ndi kakalata konena kuti fani yachokera m'lole yooneka pachithunzipo. Chibadwire sindinawanamizepo amayi chinthu chachikulu chotere. Ndikachiyang'ana chithunzicho ndimadziona wauve kuposa sing'anga uja, poti iye mwina amakhulupirira zimene amachita.

Pempho langa ndi limodzi. Fani imeneyi ichoke m'manja mwa Steve, ilowe m'manja mwanu, ikafike kwa a Saiti, makaniko wa pa Nsipe, osadutsira kwa amalume ngakhale kuti angoiona. Lole mukaipereke m'mamawa kukadali kozizira, yopanda katundu, alamu ayendetse pang'onopang'ono. Lachisanu ayi, a Saiti amatseka kupita kumzikiti. Mpaka ntchitoyo itatha, makiyi akhale pamfundo ya chitenje chanu. Eliya akalira, alire.

A Saiti ntchito amaidziwa, komabe muwauze kuti rile, fyuzi, swichi ya kutentha ndi mawaya zili m'kajumbo kofiira, ndipo ndajambula papepala mmene zilumikizidwire. Asaike swichi ya pamanja, Eliya ndimamudziwa, adzaiwala kuyatsa akucheza ndi okwera. Akamaliza aike pepala kutsogolo kwa rediyeta fani ikuzungulira. Likamatirira ndiye kuti mphepo ikukokedwa kulowa kuinjini, zili bwino. Likauluka asinthanitse mawaya. Muimirire pomwepo muone nokha.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wolemera. Amayi adzakuyang'anani m'maso n'kukufunsani ngati Nathan akunena zoona, chifukwa inu simunawabisirepo kanthu. Sindikukuuzani kuti mulumbire. Bodzali ndi langa, ndidzaliyankha ndekha. Mukaona kuti mtima wanu sukulola n'kuwauza zoona, sindidzakwiya nanu. Koma zikatero makiyiwo musawamasule, mbatatesi ziwolere m'matumba momwemo. Njala ya chaka chimodzi tidzaipirira, koma sindikufuna kudzaimbiridwa foni kuti mng'ono wanga sakuonanso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa adzukulu anga Zione ndi Allan, muwauze kuti nsapato zili pansi pa katoni. Moni kwa azakhali a ku Biriwiri kumtunda ndi banja lonse. Eliya mumuuze kuti asamasule bandeji msanga pofuna kuonetsa chamuna. Amalume nawonso muwapatse moni, poti mwambo umatero.

Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga. Akamayang'ana chithunzicho n'kunena kuti mwana wawo wawonda, muwavomere ndi mtima wonse, chifukwa pachithunzipo choona ndi chokhacho.

Ndine mlongo wanu,
Nathan