Siponji za m'ndowa ya mchere

Nkhata Bay
14 Ogasiti 2006

Wokondedwa mwana wanga Prisca,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kepiko ndi kuzizira kwakeko. Kuno tilipo, ine mawondo ndiwo akundivuta. Za amayi ako ndinena pansipa.

Kalata yako inafika pamodzi ndi chithunzi. Wavala zoyera ngati dokotala, koma m'manja wanyamula chinthu chonga chiwindi cha ng'ombe. Ukuti ndi siponji ya pansi pa nyanja yamchere, ukutinso ndi nyama. Nyama yopanda mutu, yopanda miyendo? Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma ndakalambira padoko pano ndipo nyama yotere sindinaimvepo.

Chimene ndinamva bwino n'chakuti poti singathe kuthawa adani, imadziteteza ndi poizoni wa m'thupi mwake, ndipo inu mukuyesa ngati poizoniyo angaphe khansa. Pamenepo ndi pamene maso anga anaima.

Tsopano tamvera. Chotupa cha m'bere la amayi ako, chimene anakuuza kuti chinaphwa, sichinaphwe. Kuchipatala akuti ndi khansa, ndipo yapita patali. Amayi akowo anandiletsa kukuuza, akuti ungasiye sukulu.

N'chifukwa chake utaimba foni mwezi watha ndinakufunsa mozungulira ngati mankhwalawo angatumizidwe pa basi. Iwe unaseka. Unati panopa mukuyesa pa mbewa zokha, ndipo kuti afike kwa munthu papita zaka khumi, mwinanso osafika n'komwe. Prisca, ndayesetsa kumvetsa koma zandikanika. Mbewa ya ku Kepi ili ndi mwana wophunzira woipatsa mankhwala, amayi ako alibe? Kwathu kuno munthu akadziwa mtengo wochiza amayambira m'nyumba mwake.

Ndiye ndinapita kwa mlamu wako Amon, uja amamira ndi azungu odzaona nsomba. Anati m'miyala ya pansi pa nyanja yathuyi zilimo zofananirako, ndipo ananditolera. Poti pafoni paja unanena kuti zathu n'zosiyana ndi zanu chifukwa madzi athu alibe mchere, ndinagula mchere kumsika, n'kuthira m'ndowa, n'kuziviika momwemo mpaka zinayamba kununkha. Kenako ndinazisinja n'kuwapaka amayi ako pachotupapo.

Anatuluka zidzolo mpaka m'khwapa, kuyabwa kwake kosaneneka. Adokotala anandifunsa pamaso pa anthu kuti ndani anandiphunzitsa zimenezi. Dzina lako sindinalitchule. Amayi ako, ali chikandire, anauza anamwino kuti chimene chatsala n'choti mwamuna wawo awayanike pathandala ngati usipa. Onse anaseka. Ine sindinaseke.

Mpaka lero sindikudziwa pamene ndinaphonya. Kodi mchere unachepa? Kapena pali chizimba chimene aphunzitsi akowo amabisa? Amon akuti ndisiye kuganiza, koma iye si amene amamva amayi ako a NyaManda akubuula m'chipinda.

Usandiyankhe ndi kalata ina yofotokoza, mutu wanga wadzadza. Zaka khumi amayi ako alibe. Adokotala sakulonjeza ngakhale Khirisimasi. Ngati aphunzitsi akowo kabotolo kamodzi sangakupatse, sindikukakamiza kuti ube. Bwera chimanjamanja.

Amayi ako sakudziwa kuti ndalemba. Ukadzafika udzanene kuti sukulu yatsekera, ndipo usadzayang'ane pachifuwa pawo mpaka atakuonetsa okha.

Mkulu wako Winnie akupereka moni, ndiye akuwasambitsa amayi ako masiku ano. Ukamadutsa pa Joni uwapatse moni amalume ako a Cyrus, koma nkhaniyi usawauze, mlongo wawo adzawauza yekha. Mulungu akusunge ndipo akutsogolere panjira.

Ndine bambo ako,
Macpherson Longwe