Amene Anawerengedwa wa 19 pa Fainolo ya 1968

Desmond Hanrahan, yemwe anandiipitsira dzina mu 1968, sanapezeke pa msonkhanowu chifukwa anamwalira zaka zinayi zapitazo. Ndayamba ndi iye chifukwa msonkhano wonse unali wa iye. Amene sakondwa nazo asankhe mlembi wina.

KALABU YA MPIRA WA MALAMULO A KU AUSTRALIA YA GLENARRA AMATEURS, MELBOURNE
Komiti yokonza chikondwerero cha zaka 100

Tsiku: Loweruka, 15 Febuluwale 2025
Malo: Chipinda chapamwamba, kubwalo la kalabu
Opezeka: Mayi Leonie Vassallo, Wapampando, Bambo Duc Pham, wolemba buku la mbiri ya kalabu, Mayi Maureen Tuohy, mwana wa malemu Hanrahan, Bambo Athol Keane, katswiri wakale wa timu, Bambo Cyril Maddern, Mlembi, amene ndi ine.
Opepesa: Bambo Stavros Lekkas, ali m'chipatala ndi bondo.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 10:05 m'mawa. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinavomerezedwa ngakhale palibe amene anaziwerenga.

2. Dzina la nyumba yatsopano ya oonerera

Wapampando anakumbutsa kuti ganizo linali loti nyumbayi ipatsidwe dzina la Desmond Hanrahan, amene anali kaputeni komanso mphunzitsi wa timu kwa zaka khumi. Bambo Pham anapempha kuti voti idikire mfundo yachitatu. Zinavomerezedwa.

3. Buku la mbiri: fainolo ya 1968

Bambo Pham anawerenga ndime imene ikuyembekezeka kupita kwa osindikiza mwezi wamawa:

"Kutatsala mphindi khumi, tinkatsogola timu ya Tullbrook ndi mapointi 31. Wosewera wapabenchi, C. Maddern, analowa m'bwalo popanda womuitana. Kaputeni wa Tullbrook anapempha woyimbira kuti awerenge osewera. Masewero anaima, onse anandanda pakati, ndipo athu anapezeka 19 m'malo mwa 18. Potsata lamulo, mapointi athu onse anafufutidwa. Chikho chinapita ku Tullbrook."

Bambo Keane anaseka nati, "Zalembedwa bwino, eti Naintini?"

Komiti idziwe kuti limeneli ndi dzina limene Mlembi wakhala akuitanidwa kwa zaka 56. Ngakhale pamaliro a mkazi wake, khadi la kalabu linalembedwa "Kwa Naintini".

Bambo Pham anati sangasindikize ndimeyo komiti isanaone kanema wakale amene anapezeka m'katoni ya zinthu za malemu Hanrahan. Katoniyo Mayi Tuohy anaitenga m'galaja mwa bambo awo n'kuipereka ku kalabu osaitsegula. Makatani anatsekedwa.

Mlembi alemba zimene zinaoneka pakhoma, osati zimene akuganiza. Keane wagwa, wagundidwa m'mutu, ndipo anthu awiri akumutulutsa kunja kwa mzere. Hanrahan akutembenukira kubenchi. Akukodola ndi manja onse awiri, n'kukodolanso. Mnyamata woonda akuvula mkanjo wogonera umene apabenchi tinkavala pothawa kuzizira, akuthamangira m'bwalo. Kenako Keane akudzuka, akukankha omugwira, akulowanso. Masiku amenewo wosewera akatuluka sankaloledwa kubwerera.

Mayi Tuohy anati, "Bwezani kumbuyo." Bambo Pham anabweza. Anabweza katatu.

Mayi Tuohy anati, "Mwina bambo ankathamangitsa ntchentche."

Wapampando anati, "Ndi manja awiri, Maureen?"

Bambo Pham anaika patebulo chitini chimene munali kanemayo. Pachivundikiro panalembedwa ndi penti mawu awiri: "Cyril asaone." Mayi Tuohy anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kalembedwe aka ndi ka bambo." Anavula magalasi n'kuwaika m'chikwama.

Wapampando anafunsa Bambo Keane ngati ali ndi chonena.

Bambo Keane anati, "Ine ndinagundidwa m'mutu. Sindikumbukira kanthu."

Wapampando anati, "A Athol, mumakumbukira zigoli zanu zonse 412, ndi kumene mphepo inkachokera pa chilichonse. Mwatitopetsa nazo zaka zonsezi."

Mlembi anaona pawotchi.

Bambo Keane anati, "Des Hanrahan anabwera kwathu mawa lake. Kunali kutatsala milungu itatu kuti ndikwatire mlongo wake. Anati, 'Mlamu, banja lathu lisalowe m'nyuzipepala. Kamnyamata ka Maddern palibe akukadziwa. Kalira sabata imodzi n'kupita ku timu ina.' Tinkaganiza kuti uchoka, Cyril. Aliyense akanachoka. Koma iwe osachoka."

Mlembi anati, "Unanyamula nawo bokosi la mkazi wanga, Athol."

Bambo Keane anati, "Ndinanyamula."

Mlembi anati, "Kutsogolo, kudzanja lamanja."

Bambo Keane anati, "Eya." Kenako anapempha kuti mawu ake asalembedwe. Alembedwa.

Komiti idziwenso izi, popeza palibe anafunsa. Mlembi anali ndi zaka 21. Anauza komiti ya nthawiyo kuti anaitanidwa, koma Hanrahan anaimirira m'chipinda chomwechino n'kulumbira kuti sanaitane munthu. Pa chithunzi cha timu chimene chili pamakwerero, Mlembi anadulidwapo ndi sizasi. Amene akufuna akaone: dzanja lake likadalipo, lili paphewa la Keane. Bambo ake a Mlembi sanapondenso pabwalo lino, ndipo anamwalira akukhulupirira Hanrahan. Mlembi anasiya sukulu ali ndi zaka 14 kukagwira ntchito kofufuta zikopa. Kulemba zamisonkhano anaphunzira yekha atakula, ndipo anatenga udindowu mu 1981 kuti bodza lina lisadzalembedwenso m'kalabu muno iye osaliona. Sankadziwa kuti choonadi chili m'galaja mtunda wa misewu itatu kuchokera kunyumba kwake, pansi pa zitini za penti.

Zogwirizana:
(a) Ndime ija ichotsedwe. Bambo Pham alembe ina ndipo aike chithunzi cha manja awiri aja.
(b) Mayi Tuohy anapereka okha ganizo loti dzina la bambo awo lisaikidwe panyumba ya oonerera. Analoza Mlembi nati, "Ndinakula ndikumuseka munthu uyu patebulo pathu. Bambo ndi amene ankayambitsa." Ena onse anavomereza. Bambo Keane sanakweze dzanja ndipo sanatsutse.
(c) Wapampando anapereka ganizo loti nyumbayo ipatsidwe dzina la Mlembi. Mlembi anakana. Anati sanapemphepo nyumba kwa aliyense.

4. Zina ndi zina

Wapampando anabweretsa mapayi a nyama asanu. Sanadyedwe.

Wapampando anati, "A Cyril, nanga mukufuna kalabu ichite chiyani?" Mlembi anati alemba.

5. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhalako Loweruka, 15 Malichi 2025, malo omwewo. Wapampando anatseka nthawi ya 11:40 m'mawa. Bambo Keane anafunsa ngati angaperekeze Mlembi pagalimoto monga mwa masiku onse. Mlembi anakwera thiramu, sitima ya mumsewu.

Wapampando: L. Vassallo ....................
Mlembi: C. Maddern ....................

Mayi Wapampando, musanasaine muwerenge apa. Dokotala wanena kuti mtima wanga sudzaona fainolo ya chaka chino, ndiye musaike nkhaniyi pa mfundo zodikira. Pa masewero otsegulira, pa 5 Epulo, mundipatse jezi. Ndikaime pakati pa bwalo ndi anyamata khumi ndi asanu ndi awiri, Athol atakhala pabenchi atavala mkanjo wogonera. Woyimbira ayende pamzere akuwerenga mokweza, anthu onse akumva, mmodzimmodzi, akugwira aliyense pachifuwa monga anachitira tsiku lija. Akafika pa ine anene kuti 18, ndipo alekere pomwepo.