Chipale chofewa ku Kanyama

Lachiwiri, Febuluwale. Tsiku lonyowa, lonyansa.

Ndabwerako ku kagulu kathu ka alakatuli nsapato zili m'manja, madzi akulekeza m'maondo. Lero timasankha ndakatulo imodzi yoti ilowe m'kabuku ka kukoleji. Zonse zinali za Chingelezi, timizere titatu basi, potsata kalembedwe ka ku Japani. Umajambula chinthu chimodzi chimene waona ndi maso ako, n'kukhala chete.

Ba Mulenga, tcheyamani wathu, awerenga yawo ya chipale chofewa chikugwera pakachisi. Munthu wobadwira ku Mandevu, komboni ngati yathu ino ya Kanyama! Madzi oundana amawadziwira mufiriji ya mowa ku bala. Amawerengera maphatikizo a mawu pazala ngati akugula tomato, koma anthu awomba m'manja.

Yanga inali ya chule amene ndinamupeza m'mawa mujombo ya amayi, ali phee ngati landilodi. Ba Mulenga aseka: "Iwe Tisa, ivi ni vinthu va mu komboni. Bazungu sibangamvele."

Yasankhidwa yawo. Potuluka aterereka pakhomo n'kugwa chagada m'matope, ndipo ndaima n'kuwayang'anitsitsa. Izi ndiye ndaona ndi maso anga. Mizere iwiri ndili nayo kale, wachitatu ukubwera.