Ngolo ya amalume ili pansi pa denga langa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino ku Joniko. Kuno tili bwino, amama mwendo uja wasiya kutupa.

Shedi yanga ija ya denga lokhota la mabelo a udzu yagwa. Ndinawauza amalume kuti denga lotere silifuna kutambalala, chifukwa mabelo ndi ofewa ndipo amakankha makoma. Tikumanga, ine nditapita ku Boma, iwo anauza amisiri kuti aikulitse kuti ngolo yawo izigonamo. Mvula yoyamba itangonyowetsa udzu, denga linatsika pakati, zonse n'kugwa.

Pamaliro Loweruka amalumewo ankauza anthu kuti, "Digiri ya mphwanga yasungunuka ndi mvula." Anthu anaseka, ndipo amayi aja ankafuna ndiwamangire khola la nkhuku asintha maganizo.

Koma ngolo ya amalume yatsala pansi pa mabelo anga, ndipo feteleza wawo woti akatenge pa ngoloyo ali ku Boma. Dzulo anabwera, akuti, "Mphwanga, tiphwasuleko." Ndinawayankha kuti yewo chomene, koma mabelowo palibe awagwire mpaka iwo akanene kutchalitchi kuti ndani anakulitsa shediyo.

Akakuimbirani, chonde musandinyengerere. Fetelezayo asenze pamutu.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ine mng'ono wanu,
Wongani