Takondwa ndi Sitima Yapamadzi

Lamlungu, mwezi wa Malichi. Mtima sunakhazikike tsiku lonse.

Pochokera kutchalitchi, bambo a Chisomo ayambanso nkhani yawo ija, yoti patchuthi titenge ana tikayende pa sitima yapamadzi yogona momwemo. Chisomo ndi wamkulu, amamva. Koma Takondwa wa zaka ziwiriyu amakwera chilichonse. Dzulo lomweli ndinamutsitsa pa shelefu m'sitolo ku Lafayette Road, kuno kudziko la eni.

Ndati, "Tidikire afike zaka zinayi."

Iwo akuti, "Amayi akubwera kuchokera ku Zomba chaka chino, ndikufuna tikakwere nawo. Ndi miyendo yawo yovuta ija, adzabweranso?"

Apongoziwo sanamunyamulepo Takondwa. Mawa ndiimba foni kwa eni sitimayo ndifunse za mpanda wa m'mbali mwa sitimayo, koma ngakhale andiuze kuti ndi wautali, Takondwa angalephere kuukwera?