Ng'oma za Ukwati wa Lefina

Lachinayi, 25 Okutobala 1979
Ng'oma sizinabwere. Lole yabweza zonse zimene zinapita ku boma dzulo pa chikondwerero cha ufulu: anthu, mbendera, ngakhale mabenchi. Koma ng'oma zitatu za kutchalitchi kwathu ayi. Anadzazibwereka ndi achimwene anga a Petulo, poti ndiwo atcheyamani a chipani kuno ku Zemba. "Tsiku limodzi chabe, mlongo." Ndinawapatsa ndi manja angawa, chifukwa zimasungidwa kwanga. Anazisema ndi malemu amuna anga a Simeoni. Loweruka la sabata yamawa mwana wathu Lefina akukwatiwa.

Lachisanu, 26 Okutobala
Ndawapeza a P. pakhonde akupukuta nsapato. Akuti ng'oma anazipereka mphatso kwa mlendo wamkulu wochokera ku Chipata, chifukwa anaziyamikira. Mphatso! Ndafunsa kuti zinali za ndani. Akuti, "Dera lathu lidziwike. Iwe za chitukuko sungazimvetse." Ndani sakudziwa kuti akufuna ukhansala? Ndati, "Achimwene, nanga bwanji simunapereke njinga yanu?" Akuti ndisamale pakamwa. Munthu ameneyu ndiye nkhoswe ya Lefina. Mimba imodzi ndi ine.

Loweruka, 27 Okutobala
Mutu tsiku lonse. Kumunda sindinapite.

Lamulungu, 28 Okutobala
Mapemphero opanda ng'oma. Kwaya kumangoomba m'manja, nyimbo zikugwa panjira. Akatekisiti akuti tingokhululuka. Akhululuke iwo, sanawaone a Simeoni akusema mtengo uja miyezi iwiri, chifuwa chitayamba kale. Tinatuma uthenga kutchalitchi cha ku Pembamoyo kuti atibwereke zawo. Akana. Akuti zingakathere ku Chipata nazonso. Sindikuwadzudzula.

Lefina akuti, "Amayi, ukwati ndi ukwati ngakhale popanda ng'oma." Akunena akuyang'ana pansi. Bodza. Mwana wa Simeoni sangalowe m'tchalitchi mwakachetechete ngati wabwera kudzaba.

Lolemba, 29 Okutobala
Ndafufuza nyumba yonse kufuna zopangira ng'oma. Mtondo wakale uja wong'aluka kunsi. Ndowa yobooka. Chitini chachikulu cha mafuta ophikira. Chubu cha njinga chakutha, ndachilezaleza kukhala malegeni omangira.

Chikopa ndiye panalibe. Ndaitana a Ezara, amene amatiimbira ng'oma m'kwaya, kuti aphe mbuzi ya ukwati lero lomwe. Akuti, "Mayi, masiku asanu nyama idzakhala bwanji?" Tiiwamba. Alendo adzadya yowamba, akafuna yaiwisi akafunse a P.

Mtondo ndauboola kunsi ndi makala amoto, kupala, kuikanso makala. Utsi m'maso. Chikopa chili m'madzi a phulusa kuti ubweya uchoke.

Lachiwiri, 30 Okutobala
Chitini ndachikuta ndi pulasitiki ya m'thumba la feteleza, kumanga ndi malegeni. Kumenya kawiri, phwa! Yang'ambika. Ndachiponyera kukhola, nkhuku balala. Kenako ndakachitola. Ndapinda pulasitiki katatu, tsopano chikulira, ngakhale kulira kwake ndi kwa mwana wa chimfine.

Anzanga a Elinata abwera kudzathandiza kupala chikopa ndi lezala. Akuti kuchitsime anthu akunena kuti ndatukwana chipani. Ndatukwana chipani liti? Ndatchula mbala, ndipo dzina lake ndikulidziwa. A Elinata akuti, "Tsitsani mawu, anzanga." Pakhomo panga pomwe!

Lachitatu, 31 Okutobala
Takuta mtondo ndi ndowa. Chikopa chachiwisi, a Elinata akukoka uku ine uku, misomali ya padenga la khola. Chala chamanthu ndachimenya ndi hamala, chikhadabo chada. Ndimakumbukira mmene a Simeoni ankachitira: kukhoma mbali iyi, kenako moyang'anana nayo, osati kuzungulira. Ndinkangowaonerera ndikusenda mtedza. Sindinkadziwa kuti ndikuphunzira. Taziika pamthunzi, padzuwa zingang'ambike.

Lachinayi, 1 Novembala
Zauma. Ndawamba mtondo pamoto pang'ono, ndamata phula pakati. Kumenya kamodzi, mawu ake mpaka m'mimba. Lefina anatuluka m'nyumba ufa uli m'manja.

Pasanathe ola, a P. ndi njinga yawo. Aizungulira ng'oma, aigogoda ndi chala. Akuti, "Yabwino. Loweruka masana kuli msonkhano wa chipani, tidzaifuna." Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Akuti katundu wa m'mudzi ndi wa anthu onse, ndipo amene akukana ndiye kuti akutsutsa. Akuti khadi langa la chipani likhoza kuvuta kuchipatala ndi kumsika. Ndati, "Mtondo uwu amayi athu ankasinjiramo chimanga chimene munakulira inu. Mukaupereke kwa ndani tsopano?" Pochoka akuti, "Ukwati ukangotha."

Ng'oma ndazilowetsa m'nyumba.

Lachisanu, 2 Novembala
A Ezara akana kuimba mawa. Akuti ali ndi ana, sakufuna dzina lawo limveke ku boma. Amuna onse a m'kwaya mwadzidzidzi adwala mikono. Chabwino.

Loweruka, 3 Novembala
Ndaimba ndine. Mtondo pakati pa miyendo, chitenje nditamanga zolimba. A Elinata ndowa, mlongo wa mkwati chitini. Abambo Mfumu anaima paguwa kutiyang'ana, kenako anangogwedeza mutu kuti pitirizani. Poyamba ndinaphonya kawiri. Itafika nyimbo yolowera, manja anapeza okha njira. Nthungululu m'tchalitchi monse. Lefina akulowa pang'onopang'ono, misozi mbwee, akumwetulira. A P. pabenchi yakutsogolo, khosi gwa.

Titatuluka, tinaika ng'oma pansi pa mtengo wa mango. Anthu asanayambe kudya, a P. atulukira ndi amuna awiri a chipani. Aloza mtondo. Ine ndinali nditatola kale chikuni, sindikudziwa chimene ndikanachita.

Lefina anandidutsa. Ndi diresi lake loyera, nkukhala pa ng'oma, nkukonza chophimba kumutu. Akuti, "Amalume, nyamulani. Mukandipereke ku Chipata."

Amuna awiri aja kuyang'anana. Kenako apongozi ake a Lefina anaphulika kuseka, bwalo lonse nkutsatira. Mmodzi wa amuna aja anavula chipewa, nkupita kukasamba m'manja kuti adye.

A P. sanadye. Njinga anachita kuikankha mpaka kumseu. Chikuni chija ndinachiona kuti chidakali m'manja mwanga pamene a Elinata anachisolola nkuchiika pamoto.